Chala Chimene Ndinakana Kukonza

"Bwerezanso," ndinatero. "Pang'onopang'ono, ndimve bwino mmene wandiikira pa juga."

Utuchi anakanda m'mutu, tizidutswa ta matabwa n'kugwera pa tebulo langa. Dzina limeneli ndinam'patsa ndine, chifukwa munthuyu ngakhale asambe katatu n'kuvala suti, amakhalabe ndi utuchi penapake. Ndi mwana yekhayo wa mayi amene ali ndi kampani yopanga mipando, ndipo takhala pa chibwenzi chaka ndi miyezi iwiri. Nthawi yonseyi amayi akewo anandiona kawiri, ndipo kawiri konseko anandiyang'ana ngati ndabwera kudzawadulira madzi.

Mlandu wanga unali umodzi, woti ndilibe ntchito. Ine ndimalemba mapulogalamu a pakompyuta okonza zithunzi ndi mavidiyo, ndipo ndimagwira pa kontrakiti. Kampani ikandifuna timasainirana, ndiwagwirira miyezi itatu, ndiwapatsa zawo, ndipita kwina. Koma kwa amayi aja, munthu wopanda ofesi, wopanda bwana, wongokhala m'chipinda atavala chipewa, ndi lova basi.

"Sindinakuike pa juga, Agogo," anatero Utuchi. "Kampani ikukwanitsa zaka makumi atatu. Amayi apeza matepi akale, muli malemu bambo anga. Akufuna pulogalamu yoti iwayeretse onse kuti aziwaonetsa pa sikirini yaikulu m'chipinda choonetsera mipando. Anati ntchitoyo aipereka kwa Gogoda. Ine ndinangoti akuyese kaye iwenso."

"Ndiye anati chiyani?"

"Anati chabwino, aliyense apatsidwe mphindi zitatu za tepi imodzi, Lachisanu adzaonetse."

"Ndiye iwe unati chiyani?"

Anayang'ana pansi. "Ndinati ukalephera, sindidzakutchulanso m'nyumba mwawo."

Mtima wanga unapsa. Gogoda ndi mwana wamkazi wa mnzawo wa amayi aja, amagwira ku kampani yaikulu ya makompyuta, ndipo nsapato zake zimamveka asanatulukire. Amayiwo anam'sankha kalekale kuti ndiye mpongozi wawo. Tsono mwana wawo, chifukwa cha mkamwa mothamanga, anatenga chikondi chathu chonse n'kuchiika pa mphindi zitatu.

"Unandifunsa?"

"Ndimakudalira."

"Kundidalira n'kwina, kundifunsa n'kwina. Bweretsa kuno fulashi imene mwakoperamo tepiyo, usanandilonjeze kwa anthu enanso."

Anaseka, nandivula chipewa kuti andipsompsone pamphumi. Ndi iye yekha amene ndimamulola. Kwathu imvi timabadwa nazo, kachigamba koyera pamwamba pa diso lakumanzere. Bambo anga ali nako, azakhali anga ali nako, inenso ndili nako. Kusukulu ananditopetsa nako mpaka ndinazolowera chipewa, ndipo n'chifukwa chake Utuchi amanditcha Agogo.

* * *

Tepiyo inali yomvetsa chisoni. Inajambulidwa m'shedi ya malata, kuwala kukulowera pakhomo pokha. Bambo wina wamtali amapala thabwa, n'kudzutsa mutu, n'kuseka, n'kukweza dzanja kwa wojambula. Kumbuyo kwake kunali munthu wina pa makina ochekera, atafulatira. Zonsezi zimaoneka ngati ukuziona kudzera pa galasi lothimbirira ndi utsi.

Ndinakoka mpando n'kuyamba. Tebulo limene ndimagwirirapo anandikhomera bambo anga, amenenso ndi kalipentala, ndipo mwina n'chifukwa chake fungo la matabwa linandigwetsa m'chikondi mosavuta chonchi.

Lachiwiri masana foni inalira. Nambala yachilendo, koma chithunzi cha mwini wake ndinachidziwa, anali Gogoda.

"Moni achemwali. Ndamva kuti tili pa mpikisano. Musadzivutitse, ife zathu zatha kale. Mukafuna ntchito yeniyeni mundiuze, kuofesi kwathu tikufuna wolandira alendo."

Pansi pake panali chithunzi. Gogoda anakhala mpando wakutsogolo m'galimoto ya Utuchi, atatsamira phewa lake, mano onse panja. Ndinachikuza chithunzicho, poti ndi ntchito yanga, kufuna kupeza poti chalumikizidwa. Sichinali cholumikiza. Mithunzi inali yolondola, ngakhale utuchi wa pakolala unali weniweni.

Ndinam'tumizira Utuchi. "Mpando umenewu ndimayesa ndi wanga."

Anayankha nthawi yomweyo. "Amayi anandituma kuti ndikamusiye kuofesi kwake. Anajambula ndisanakonzeke."

"Phewa limakonzekanso?"

"Agogo, chonde."

"Agogo ali pa ntchito. Lova sasokonezedwa."

Ndinaika foni chafufumimba. Kunena zoona nsanje inandidya mpaka m'zala, moti mizere itatu imene ndinalemba pambuyo pake ndinaifufuta yonse.

* * *

Lachitatu m'mawa pulogalamu yanga inatulutsa mphindi zitatu zija. Nkhope inabwera bwino, makwinya a pamphumi, thukuta, ngakhale pensulo ya kukhutu. Ndinaimirira n'kuvina ndekha m'chipindamo. Kenako bambo aja anakweza dzanja, ndipo kuvina kunathera pomwepo.

Chala cha mkombaphala chinali chachifupi. Chimathera pa mfundo yapakati.

Aliyense wolemba mapulogalamu amadziwa kuti chinthu chikatuluka chopindika, wolakwa ndi iweyo. Ndinafufuza mzere ndi mzere. Ndinasintha makonzedwe, ndinayendetsanso, chala chomwecho. Ndinatenga zithunzi za pa tepi chimodzichimodzi, zonse makumi asanu ndi limodzi zimene dzanjalo limaoneka, n'kuziyala pa sikirini. Panalibe ngakhale chimodzi chimene chalacho chimafika kumapeto.

Utuchi anandipeza ndili choncho Lachinayi, atanyamula maluwa opepesera phewa lija. Maluwawo ndinalandira, koma nkhope yake inali ndi nkhani ina.

"Ndaona za Gogoda," anatero. "Anaonetsa amayi pang'ono pa foni. Agogo, n'zoopsa. Bambo akuoneka ngati a m'filimu."

"Taona zanga."

Anaonera. Pamene bambo ake anaseka, iyenso anamwetulira, maso ali m'misozi. Anali ndi zaka zitatu pamene anamwalira, ndipo sawakumbuka. Dzanja litakwera, anadzidzimuka.

"Chalacho chatani?"

"Ndi mmene chikutulukira."

"Ndiye chikonze! Kwa Gogoda zala zonse zilipo, zisanu, zokongola."

"Khala pansi ndikuuze. Sekondi imodzi ya vidiyo imakhala ndi zithunzi makumi awiri ndi zisanu. Chilichonse n'chothimbirira, koma chilichonse chinagwirako kanthu kake. Pulogalamu yanga imazisanjikiza, n'kutenga kwa ichi pang'ono, kwa icho pang'ono, ngati mboni zambiri zimene zinaona chinthu chimodzi. Ya Gogoda inaphunzira pa nkhope ndi manja a anthu ambirimbiri. Ikafika posaoneka bwino, imangoganizira n'kupentapo."

"Nanga cholakwika n'chiyani, ngati zikukongola?"

"Palibe, ukamatsatsa sopo. Inenso ndimaigwiritsa ntchito pa zotero. Koma awa ndi bambo ako."

"Pa zithunzi zonse za kunyumba sindinaonepo chala chotere."

"Pa zithunzizo dzanja lamanja limakhala kuti?"

Anaganiza. "M'thumba. Koma amuna akale onse ankajambulitsa choncho."

Apa ndiye anayamba kundichonderera. Anati ndi ntchito ya mphindi khumi, ndipo sananame. Anati amayi ake akaona mwamuna wawo atadulidwa chala pa sikirini yaikulu, pamaso pa antchito, adzati ndawachita chipongwe dala. Anati ndikusankha kunyada m'malo mwa iye.

Mawu omalizawa anandilasa. Ndinkamukonda munthuyu, ndipo ndinkachita mantha kwambiri. Ndinaika dzanja pa mausi ya kompyuta, n'kulichotsanso.

"Pa kontrakiti iliyonse ya zithunzi zakale ndimalemba mzere umodzi," ndinatero. "Sindiwonjezera chimene panalibe, sindichotsa chimene chinalipo. Ndikauphwanya lero chifukwa cha iwe, mawa udzandikhulupirira pa chiyani?"

"Ukaluza, Agogo?"

"Ndiye udzaphunzira kufunsa usanalonjeze."

Anatuluka osatsanzika. Maluwa aja ndinawaika m'jagi ya madzi akumwa, chifukwa ndilibe kwina kowaika.

* * *

Lachisanu, chipinda choonetsera mipando chinadzaza. Akalipentala anakhala pa masofa ogulitsa, mapulasitiki ake akulira. Amayi aja anakhala kutsogolo pa mpando wa mikono, chikwama pamiyendo, magalasi pamphuno. Utuchi anaima pakhomo ngati mlonda, osayang'ana kwa ine.

Gogoda analowa ndi anzake awiri a mataye. Anagwada pang'ono popereka moni kwa amayiwo, kenako ananditembenukira.

"Mwabwera nokha, achemwali? Kampani yonse yakwana m'kachikwama kameneka?"

"Yakwana," ndinatero. "Siidya zambiri."

Amayiwo anandiyang'ana kuchokera ku nsapato mpaka ku chipewa. "Mtsikana iwe, ngakhale pa msonkhano chipewa?"

"Pepani amayi, ndinazolowera."

"Hmm. Yambani inu, mwana wanga," anatero kwa Gogoda.

Ndisaname, zake zinali zokongola. Shedi ija inawala ngati sitolo. Bambo aja anatuluka osalala, khungu lopanda chilema, mano oyera mbee. Akalipentala anaomba m'manja vidiyo isanathe. Dzanja linakwera, zala zisanu zowongoka bwino, ndipo Gogoda anandiponyera diso.

Amayiwo sanaombe m'manja. Anangoti, "Winayo."

Ndinalumikiza laputopu. Zanga zinalibe kuwala kwa sitolo. Shedi inali shedi, malata adzimbiri, fumbi likuuluka pa kuwala kwa pakhomo. Bambo aja anapala thabwa, anadzutsa mutu, anaseka. Wina kumbuyo ananong'ona kuti zoyamba zija zinali bwino. Kenako dzanja linakwera.

Gogoda anaseka mokweza. "Mayo! Mwawadula chala bambo athu? Amayi, pepani kwambiri, izi ndi zimene zimachitika mukapereka ntchito kwa anthu a m'zipinda zogona."

"Imitsa pamenepo," anatero amayiwo.

Ndinaimitsa. Dzanja linaima pa sikirini, lalikulu ngati chitseko. Amayiwo anadzuka, chikwama chinagwa pansi, osachitola. Anayenda mpaka pa sikirini, navula magalasi, nakhudza pamene chalacho chimathera.

"Anakuuza ndani?" anandifunsa osatembenuka.

"Palibe, amayi. Ndinayesa kuti pulogalamu yanga yalakwitsa. Ndinafufuza masiku awiri, koma tepi imanena zomwezo."

"Bwanji sunachikonze?"

"Sichinali chowonongeka, amayi. Chinali chawo."

Amayiwo anatembenuka, misozi ili mbwembwembwe, koma mawu awo anali olimba.

"Chala ichi chinadulidwa ndi makina ochekera, chaka chachiwiri cha kampani ino. Ndinachitola ndekha pa utuchi, ndinachikulunga m'mpango, ndinathamanga nacho kuchipatala. Madokotala anati tachedwa. Kuyambira pamenepo mwamuna wanga sankajambulitsa dzanja lili panja. Tsiku ili anaiwala, chifukwa amene ndinagwira kamera ndinali ine." Analoza laputopu ya Gogoda. "Uyo mwationetsa poyamba uja ndi mwamuna wokongola ndithu. Koma sindikumudziwa. Sindinagonepo naye nyumba imodzi."

Kalipentala wina wachikulire analephera kudzigwira. "Chikomekome cha mkuyu," anatero, ndipo anzake anamalizitsa onse pamodzi, "m'kati muli nyerere!" Chipinda chonse chinaphulika ndi phwete.

Gogoda anayesa kudziteteza. Anati iwonso akhoza kuchifupikitsa chalacho, ndi ntchito ya mphindi zisanu.

"Ndiye mufupikitsa chala cha ndani?" anafunsa amayiwo. "Zikomo mwana wanga, upereke moni kwa amayi ako."

Nsapato zija zinagogoda mpaka pakhomo, anzake a mataye akutsatira ndi zingwe m'manja. Podutsa pa ine anaima pang'ono.

"Musasangalale msanga," ananong'ona. "Kontrakiti si ukwati."

Ndinali wotanganidwa ndi kusangalala msanga.

* * *

Tinasainirana mu ofesi ya amayiwo, pa tebulo limene malemu aja anakhoma okha. Amayiwo anawerenga tsamba lililonse chala chili pa mzere. Atafika pa mawu anga aja, anawawerenga mokweza.

"Sindiwonjezera chimene panalibe, sindichotsa chimene chinalipo. Unalemba wekha zimenezi?"

"Ndekha, amayi."

"Miyezi inayi, matepi makumi asanu ndi limodzi, ndiponso uphunzitse atsikana a mu ofesi kuyendetsa pulogalamuyo. Ukwanitsa wekha?"

"Ndikwanitsa."

Anasaina, n'kutembenukira mwana wawo amene anali ataima pakona. "Iwe, unkadziwa za chalachi?"

"Ndinachiona dzulo, amayi."

"Unati chiyani?"

"Ndinati achikonze."

"Ndinadziwa. Mutu wa bambo ako weniweni, wofuna kubisa dzanja m'thumba. Pita ukatenge tiyi. Makapu atatu, a m'kabati yagalasi, osati a antchito."

Makapu a m'kabati yagalasi! Utuchi anandiuzapo kuti Gogoda yemwe sanawamwerepo. Podutsa kumbuyo kwa mpando wanga anandigwira phewa n'kunong'ona, "Ndalakwa, Agogo. Mpando wakutsogolo ndi wako mpaka kale." Ndinam'ponda phazi pang'ono kuti adziwe kuti mlandu sunathe, koma chimwemwe chinali chitadzaza tsaya.

"Ndinakuyesa lova," anatero amayiwo titatsala awiri. "Ndinalakwa, ndipo ine sindibwereza mawu amenewa kawiri, ndiye uwasunge. Lamulungu ubwere kunyumba. Ndikufuna ndidziwe kwanu, ndi makolo ako."

Ndikanatha kuuluka. Chaka ndi miyezi iwiri ndikudikira mawu amenewa, ndipo anabwera ndi tiyi wa m'kapu ya m'kabati yagalasi.

* * *

"Kanthu kamodzi," anatero amayiwo titamwa tiyi. "Pulogalamu yakoyo ingapitirize pamene yalekezera? Mphindi imodzi yokha yotsatira."

Tepi yonse inali pa kompyuta ya mu ofesi. Ndinaikopera, n'kuyendetsa. Podikira, amayiwo anayamba kulankhula, maso ali pa kapu.

"Sindinakuuzepo za chala cha bambo ako," anatero kwa Utuchi, "chifukwa nkhani yake imakoka inzake. Kampani ino anaiyamba awiri. Uja wafulatira pa makina ndi mnzake wa pamtima, ankadyera mbale imodzi. Chaka chotsatira bala lija linayambiranso, bambo ako anagonekedwa mwezi wathunthu. Potuluka anapeza shedi ili mbee. Mnzake uja anapakira makina onse pa lole n'kusamukira tauni ina. Tinayambiranso ndi sowo yamanja, munthu wa zala zinayi ndi theka. Sanadandaulepo, koma mtima wake sunabwererenso."

"Dzina lake ndani, amayi?"

"Dzina limenelo sililowa m'kamwa mwanga. Koma nkhope yake uione, kuti iye kapena aliyense wa magazi ake akadzaponda pano, udzadziwe chochita."

Laputopu inalira kuti yamaliza. Ndinadina.

Shedi inabweranso. Malemu aja anaitana kumbuyo, akuseka. Munthu wa pa makina uja anazimitsa makinawo, anapukuta manja m'malaya, n'kutembenuka. Pulogalamu yanga inagwira ntchito yake bwino kwambiri. Sinawonjezere kanthu, sinachotse kanthu. Mnyamata wa zaka zosakwana makumi atatu anayang'ana kamera akumwetulira, ndipo pamwamba pa diso lake lakumanzere panali kachigamba koyera.

Kumwetulira kumeneko ndimakudziwa. Ndi kumene kunandilandira tsiku limene bambo anga anandibweretsera tebulo langa.

"Ndi ameneyo," anatero amayiwo. "Savuta kumuzindikira. Akuti kwawo onse amabadwa ndi imvi zimenezo."

Kapu ya Utuchi inagunda sosala. Sanayang'ane sikirini, anayang'ana ine, ndipo ndinaona kuti wadziwa.

Amayiwo anatseka laputopu okha, napuma mozama ngati munthu amene watula katundu. Kenako anandigwira dzanja, nalisisita, akumwetulira koyamba chidziwireni.

"Zakale zimenezo, zisatiwonongere tsiku. Wandibwezera mwamuna wanga lero, mwana wanga. Tsono vula chipewacho ndikuone bwino, pano uli pakwanu."